Funsani a Katekisiti: Chiboliboli cha Amayi Maria, oyera ndi mizimu ya makolo

Chiperoni chatigwira kuno ku Mulanje. Lero ndi tsiku lachitatu phiri lisakuoneka, ndipo makalata anu ndawawerengera pafupi ndi mbaula. Mwezi wa Meyi ukangodutsa, mafunso ambiri amabwera a mtundu umodzi, poti abale athu a mipingo ina amakhala atationa tikuyenda pa mdipiti titanyamula chiboliboli cha Amayi Maria. Ndasankhapo anayi. Loyambali ndichedwapo, chifukwa wolembayo walemba ndi misozi.

FUNSO: A Katekisiti, ine ndine mayi wa zaka 27, ndimakhala ku Luchenza. Ndinabadwira m'Chikatolika, koma amuna anga ndi a mpingo wina. Mayi anga pomwalira anandisiyira kachiboliboli ka Amayi Maria, ndipo kamakhala pamwamba pa kabati pabalaza. Apongozi anga atabwera kudzandithandiza ndili m'chikuta, anakaona n'kunena kuti m'nyumba ya mwana wawo musakhale fano. Ananditsegulira Eksodo 20, ine kukamwa kunangoti gwa. Usiku womwewo ndinakakulunga m'chitenje n'kukaika m'sutikesi. Kuyambira tsikulo mtima wanga suli m'malo. Ndikati ndikatulutse ndimaopa kuchimwa, ndikakasiya m'menemo ndimamva ngati mayi anga ndawaikanso m'manda kachiwiri. Kodi ife Akatolika timapembedzadi mafano? Mayi wa ku Luchenza.

YANKHO: Mwana wanga, pepani chifukwa cha mayi, ndipo Mulungu akulerereni khandalo. Ndiyambe ndi apongozi anu. Musawasungire chakukhosi. Mawu amene anakuwerengeraniwo alimodi, ndipo ali m'Baibulo lomwe lija timawerenga pa Misa. Mayi amene akuopa kuti mdzukulu wake angakulire m'nyumba yopembedza mtengo, ameneyo ndi mayi woopa Mulungu. Chimene sanachimvetse ndi chimene inu mumachita mukaima patsogolo pa kachiboliboliko. Mwinanso inuyo palibe amene anakhala nanu pansi kukufotokozerani, ndipo pamenepo mlandu ndi wathu ife aphunzitsi.

Ndili mnyamata, ndikugwira ukalaliki pa esiteti ya tiyi, akhristu a pa tchalitchi chathu chaching'ono tinasonkherana kuti tipeze mtanda wokhala ndi thupi la Ambuye. Anatuma ine kwa mmisiri wina wosema cha ku Likhubula. Masiku amenewo mkungudza unali usanasowe ngati lero. Ndinakhala pa mwala masana onse ndikumuyang'ana. Anayamba ndi kasemasema, kenaka anatenga kampeni kake kakang'ono, ndipo pofika pa nthiti ankaziwerenga ndi chala pa chifuwa chake chomwe, n'kubwerera ku mtengo. Bwalo lonse linali fungo la mkungudza lokhalokha. Dzuwa litapendeka mkazi wake anabwera ndi lichero, nawola tizidutswa timene tinagwa pansi n'kukasonkhera moto. Nandolo amene tinadyera nsima tsiku limenelo anapsa ndi mtengo womwewo umene unatulutsa thupi la Yesu.

Pobwerera, mtanda nditaumangirira pa njinga, m'mutu mwanga munadzaza Yesaya 44. Mneneri akusimba za munthu amene wadula mtengo. Gawo lina wasonkhera moto, waotha, waphikira chakudya. Gawo lotsala wasema mulungu, waligwadira, ndipo akuliuza kuti, "Ndipulumutseni, pakuti ndinu mulungu wanga." Zonse zimene ananena Yesaya ndinali nditaziona ndi maso anga tsiku limenelo, kupatula mawu otsirizawo. Mtanda uja tinaupachika, bambo mfumu anaudalitsa, ndipo ulipobe mpaka lero. Papita zaka zoposa 40, koma sindinamvepo mkhristu akuuza mtengo uja kuti ndiwe mulungu wanga. Lachisanu Loyera tikamandanda kukaupsompsona, aliyense amadziwa kuti milomo yake ikukhudza mkungudza wa m'phiri lathuli. Mtima wake umakhala pa Iye amene anafera pa Gologota. Chinthu sichisanduka fano chifukwa chasemedwa. Chimasanduka fano chifukwa cha mawu amene mtima wa munthu ukunena kwa icho.

Tsegulaninso Eksodo 20 yemweyo, muwerenge ndime 3 mpaka 5 osapumira pakati. Usakhale ndi milungu ina, usadzipangire fano, usazigwadire kapena kuzitumikira. Nkhani yake ndi imodzi: milungu ina. Mukatero pitani mitu isanu kutsogolo. Pa Eksodo 25:18 Mulungu yemweyo akulamula Mose yemweyo kuti asule akerubi awiri a golide, awaike pamwamba pa Bokosi la Chipangano, ndipo akumuuza kuti pamenepo m'pamene azidzakumana naye. Pa Numeri 21 akumuuza kuti apange njoka yamkuwa, aipachike pa mtengo, kuti wolumidwa akaiyang'ana achire, ndipo Yesu mwini wake pa Yohane 3:14 akudzifanizira ndi njoka imeneyo. M'nyumba ya Mulungu imene anamanga Solomo munali akerubi a mtengo wa olivi, makoma anali osemedwa akanjedza ndi maluwa, ndipo thanki lalikulu la madzi linakhala pa misana ya ng'ombe 12 zamkuwa. Kukanakhala kuti chosema chilichonse n'chonyansa, Mulungu sakanadzaza nyumba imeneyo ndi ulemerero wake.

Koma nkhani ya njoka ija ili ndi mathero ake, ndipo ife Akatolika tiziwawerenga kawirikawiri chifukwa akunena ife. Pa 2 Mafumu 18:4 mfumu Hezekiya anaiphwanya njokayo, poti Aisraele anali atayamba kuifukizira lubani, ndipo Malembo amamuyamikira. Mkuwa unali womwewo wa m'masiku a Mose. Inasintha ndi mitima ya anthu. Wina adzati, nanga inu simufukiza lubani pa mtanda? Timafukiza ndithu, ndipo pa Misa yomweyo timafukizanso wansembe ndi anthu onse amene ali m'tchalitchi, pa maliro timafukiza ngakhale bokosi, koma palibe amene amati tikupembedza mtembo. Lubani wa Aisraele aja anali nsembe yoperekedwa kwa njokayo, ndipo kumeneko ndiko kunali kuchimwa.

Pali china chozama kuposa zonsezi. Pa Deuteronomo 4:15 Mose akupereka chifukwa chimene Aisraele sayenera kujambula Mulungu: tsiku limene analankhula nawo m'moto pa Horebu sanaone maonekedwe alionse. Ungajambule bwanji amene sunamuone? Koma kenaka Mawu anasanduka munthu, nakhala pakati pathu. Anali ndi nkhope, anali ndi nthiti zonga zimene ankawerenga mmisiri uja, anali ndi mayi amene anamuyamwitsa monga mukuyamwitsira inu. Paulo pa Akolose 1:15 akumutcha chithunzi cha Mulungu wosaonekayo. Funso lanuli silatsopano, akhristu anakhetserana nalo magazi. M'zaka za m'ma 700 mafumu a ku Constantinople, kuyambira Leo III, analimbana ndi zithunzi za m'matchalitchi, ndipo zambiri zinaphwanyidwa. John wa ku Damascus anaziikira kumbuyo ndi mfundo imeneyi, yakuti Mulungu ataoneka m'thupi tikhoza kujambula chimene chinaoneka. Mu 787 maepiskopi anasonkhana ku Nicaea nagamula kuti ulemu woperekedwa ku chithunzi umapitirira kukafika kwa mwini chithunziyo, koma kupembedza kwenikweni n'kwa Mulungu yekha. Mu 1563 msonkhano wa ku Trent unanena mosapsatira kuti m'chithunzi mulibe umulungu kapena mphamvu, kuti sitipempha kanthu kwa chithunzi, ndiponso kuti sitiika chikhulupiriro chathu pa icho monga ankachitira akunja ndi mafano awo. Chiphunzitso cha Mpingo wanu n'chimenecho. Mkatolika amene akuchita zosiyana ndi zimenezi waphonya Chikatolika chake chomwe.

Za kugwada, ife Amalawi siziyenera kutivuta. Inuyo popereka madzi osamba m'manja kwa apongozi anu omwewo mumagwada, ndipo iwo sanayambe akuuzani kuti mukuwapembedza. Yakobo anawerama mpaka pansi kasanu ndi kawiri pamaso pa Esau. Koma Kornelio atadzigwetsa pa mapazi a Petro, Petro anamudzutsa n'kumuuza kuti iyenso ndi munthu chabe, chifukwa ulemuwo unali utapyola malire. Bondo ndi lomwelo, koma mwini wake amadziwa chimene akutanthauza.

Tsono muchite chiyani? Mpingo sukakamiza mkhristu aliyense kukhala ndi chiboliboli m'nyumba. Ndapempherapo m'matchalitchi a udzu momwe munalibe kanthu koma timitengo tiwiri topingasa, ndipo Ambuye analimo. Koma simukuchimwanso pokhala nacho, choncho mantha amenewo atayeni. Nyumbayo ndi ya inu awiri. Dikirani mwana agone, mukambirane ndi amuna anu panokha, osati pamaso pa mayi awo, kuti asakhale ngati akusankha pakati pa mayi ndi mkazi. Ngati pabalaza pakuutsa mapiri pachigwa, gwirizanani malo ena, kaya kuchipinda, koma pamalo pooneka, osati m'sutikesi ngati katundu wakuba. Apongozi akadzafunsanso, musawatsegulire mavesi ngati muli pabwalo la milandu. Gwadani monga mwa masiku onse muwauze kuti, "Amayi, ichi n'chikumbutso cha mayi wake wa Yesu, ndiponso cha mayi anga. Sindichipembedza. Ndimapembedza Mulungu yemwe mumapembedza inuyo." Akapanda kumva tsiku limenelo, musaumirire. Zikafika posokoneza banja, ankhoswe alipo.

FUNSO: Bambo, mnzanga amene timatchova naye kabaza pa Chitakale akuti Akatolika munachotsa lamulo lachiwiri pa malamulo khumi kuti mubise nkhani ya mafano, kenaka munang'amba lakhumi pawiri kuti akwanebe khumi. Nditaona m'kabuku ka katekisimu, zikuoneka ngati akunena zoona. Mnyamata wa ku Chitakale.

YANKHO: Achimwene, mwachita bwino kukaona nokha m'kabukuko. Tsopano tengani Baibulo lililonse, kaya Buku Loyera kaya Buku Lopatulika, mutsegule Eksodo 20 ndi Deuteronomo 5. Mupeza kuti mawu a mafano alimo onse, ndiponso kuti palibe polembedwa kuti ili ndi loyamba, ili ndi lachiwiri. Malembo amangotiuza kuti malamulowo ndi khumi, koma satiuza poduka lililonse. Ngakhale manambala a ndime amene timawaonawa anadza mochedwa, m'zaka za m'ma 1500.

Choncho mawerengedwe ake alipo angapo. Ife timatsata a Augustine woyera, episkopi wa ku Hippo, kumpoto kwa Africa, amene anamwalira mu 430. Iye anaona kuti "usakhale ndi milungu ina" ndi "usadzipangire fano" ndi nkhani imodzi, naliwerenga lamulo limodzi. Kumapeto timatsata Deuteronomo 5:21, pamene kusirira mkazi wa mnzako kwatchulidwa poyamba, kusirira nyumba ndi munda pambuyo, ndiye timawerenga awiri. Ine zimenezi zimandikomera, chifukwa mkazi si katundu woti aikidwe m'thumba limodzi ndi bulu. A mpingo wa Lutheran nawonso amaphatikiza milungu ina ndi mafano m'lamulo loyamba, chonsecho si Akatolika. Abale athu a CCAP, a Seventh Day ndi ena ambiri amapatula la mafano kukhala lachiwiri, n'kuphatikiza kusirira konse m'lakhumi. Onse akupeza khumi, ndipo palibe amene wafufuta mawu m'Baibulo.

Koma mnzanuyo ali ndi pake pogwira. Chidule chimene timaloweza ana chimatchula lamulo loyamba mwachifupi, mawu a mafano osamveka. Katekisimu wamkulu wa Mpingo, amene anatuluka mu 1992, amawalemba onse ndipo amawafotokoza pa ndime 2129 mpaka 2132, koma ndi angati amene ali naye kumudzi? N'chifukwa chake ine pophunzitsa ana a Ukaristia woyamba ndimawawerengera Eksodo 20 yense mokweza, ndipo ndikupempha akatekisiti anzanga kuti tizitero. Mwana asadzamve ndime imeneyi koyamba pa siteji ya kabaza.

FUNSO: A Katekisiti, ine ndinakulira ku Thekerani, ndipo agogo anga ankathira nsembe kwa mizimu. Amishonale anati zimenezo n'zachikunja. Koma inu mumati Petro woyera mutipempherere, Maria mutipempherere. Nawonso si akufa? Kusiyana kwake n'kotani, kapena mizimu ya azungu ndiyo yololedwa? Nanga Baibulo silinena kuti mkhalapakati ndi mmodzi? Bambo wa ku Thekerani.

YANKHO: Bambo, funso lanuli ndalilemekeza, chifukwa inenso ndinabadwira m'banja lotero. Agogo anga aamuna anali Mlhomwe amene makolo ake anaoloka kuchokera ku Mozambique. Mwana akadwala kapena mvula ikachedwa, ankatidzutsa m'bandakucha kupita patsinde pa mpoza. Ankagwada, n'kumathira ufa pang'onopang'ono pakati pa zala mpaka upange kamulu, akutchula mayina a makolo mmodzimmodzi, ife tikuomba m'manja chapansipansi. M'mawa mwake ankapita kukaona ngati kamuluko kali chilili. Sindidzawanyoza agogo angawo. Anagwira chinthu choona: chibale n'fupa, sichiola, ndipo manda sachidula. Chikhristu sichinabwere kudzatsutsa chimenecho. Yesu anati Mulungu wa Abrahamu, Isake ndi Yakobo si Mulungu wa akufa koma wa amoyo. Paulo anati ngakhale imfa singatilekanitse ndi chikondi cha Mulungu cha mwa Khristu. Ngati ine ndili mwa Khristu, ndipo Petro ali mwa Khristu, tili m'thupi limodzi.

Kusiyana kuli pa ufa uja. Mawu okha satithandiza kwenikweni, poti m'Chichewa chathu ngakhale mwana wolira timati tikumupembedza kuti atonthole. Akuluakulu a Mpingo anagwiritsa mawu a Chigriki: latria, kupembedza koyenera Mulungu yekha, ndi dulia, ulemu wopatsa oyera. Koma chimene chimaonetsa poyera amene ukumuyesa Mulungu ndi nsembe. Augustine uja anafunsa akhristu a m'nthawi yake ngati wina anamvapo wansembe ataima pa guwa, ngakhale guwa lomangidwa pa manda a wofera chikhulupiriro, akunena kuti ndikupereka nsembe iyi kwa iwe Petro, kapena kwa iwe Paulo. Palibe. Bwerani pa Misa ya tsiku la Amayi Maria, mutchere khutu. Dzina lake mulimva, koma nsembe ikuperekedwa kwa Atate, mwa Khristu, mu Mzimu Woyera. Mverani litaniya, pemphero lija lotchula mayina mmodzimmodzi anthu akuyankha. Tikatchula Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera timayankha kuti "mutichitire chisoni". Tikangofika pa Maria ndi oyera, yankho limasintha, timati "mutipempherere ife". Agogo osadziwa kulemba amasintha mawu pamalo pomwepo osalakwitsa. Chisoni timapempha kwa mwini wake, kwa oyera timangopempha pemphero.

Kusiyana kwina ndi mantha. Agogo anga ankathira ufa chifukwa mzimu ukaiwalika umakwiya, umagwetsa matenda pakhomo, umafuna mowa. Woyera salipitsa ndipo sabwezera. Mukamuiwala Yosefe woyera zaka 20, sadzadwalitsa mwana wanu. Sitiwaitananso kuti adzalankhule kudzera mwa wobwebweta kapena pa ula kuti atiuze amene watilodza. Zimenezo Deuteronomo 18 amaletsa, ndipo Mpingo umaletsa.

Za mkhalapakati, 1 Timoteo 2:5 akunena zoona, ndi mmodzi, Yesu Khristu. Koma yambirani pa ndime 1 ya mutu womwewo: Paulo akupempha kuti tizipempherera anthu onse. Mayi wa mu mphakati mwanu akadwala, mumapita gulu kukamupempherera, ndipo palibe amene amati mwalanda udindo wa Yesu. Yakobo akuti pemphero la munthu wolungama lili ndi mphamvu. Pa Chivumbulutso 5:8 Yohane akuona akuluakulu akumwamba atanyamula mbale zagolide zodzaza lubani, ndipo akuti lubaniyo ndi mapemphero a anthu a Mulungu. Oyera satimva ndi makutu awo ngati kuti ali ponseponse. Ali pamaso pa Mulungu, ndipo chimene akudziwa za ife amachidziwa mwa Iye. Ndikudziwa kuti abale athu ena amaphunzitsa kuti akufa ali m'tulo mpaka tsiku lomaliza, ndipo pamenepa m'pamene timasiyanadi. Ine ndimagwira mawu amene Yesu anauza wachifwamba uja pa mtanda, akuti lero lomwe udzakhala nane m'Paradizo.

Pali fanizo limene Akatolika ambiri amalikonda, koma ine ndinalisiya. Amati kwa mfumu supita wekha, umadzera kwa nyakwawa. Ayi. Mulungu si mfumu yovuta kuifikira, ndipo Yesu anatiphunzitsa kunena kuti "Atate athu" popanda wotiperekeza. Sitipita kwa oyera chifukwa khomo la Atate n'lotseka. Timawapempha chifukwa ndi abale athu, ndipo m'banja anthu amasenzerana katundu.

Mwambo wolemekeza oyerawu sunayambe dzulo. Cha m'ma 155 Polycarp, episkopi wokalamba wa ku Smyrna, anaphedwa chifukwa chokana kutukwana Khristu. Adani anayesa kuwamana akhristu mtembo wake, ati angasiye Wopachikidwa uja n'kuyamba kupembedza Polycarp. Akhristuwo analemba kalata yofotokoza kuti Khristu amamupembedza chifukwa ndi Mwana wa Mulungu, pamene ofera chikhulupiriro amawakonda monga ophunzira ndi otsanzira Ambuye. Anatola mafupa ake, nawasunga, kuti azikumana pamalopo pokumbukira tsiku la imfa yake.

Ndipo oyera si azungu okhaokha, bambo. Pa 3 Juni takumbukira Charles Lwanga ndi anzake, amene ambiri mwa iwo anatenthedwa ku Namugongo ku Uganda mu 1886 pa ulamuliro wa Kabaka Mwanga. Wamng'ono pa onse, Kizito, anali wa zaka ngati 14. Papa Paul VI anawalengeza oyera mu 1964, onse pamodzi 22, ndipo sanaiwale kutchula akhristu a Anglican amene anafa nawo limodzi. Josephine Bakhita wa ku Sudan anagwidwa ukapolo ali kamtsikana, ndipo analengezedwa woyera mu 2000. Ndikhulupiriranso kuti pakati pa makolo athu a kuno alipo ambiri amene ali kwa Mulungu ngakhale mayina awo sali pa kalendala. Tsiku lawo ndi 1 Novembala, la Oyera Onse, ndipo pa 2 Novembala timapempherera amene akuyeretsedwabe. Agogo anga aja ndimawatchula dzina pa Misa ya tsiku limenelo chaka chilichonse.

Za Amayi Maria ndinene mwachidule. Theka loyamba la "Tikuoneni Maria" ndi mawu a mngelo ndi a Elizabeti pa Luka 1, theka lachiwiri ndi pempho lakuti atipempherere. Iye mwini anati mibadwo yonse idzamutcha wodala. Ulemu wake umaposa wa oyera onse chifukwa anabala Ambuye, komabe ndi wolengedwa, ndipo msonkhano wachiwiri wa ku Vatican mu 1964 unachenjeza alaliki kuti asakokomeze za iye. Chimene chimandipweteka mtima ndi ichi: ndimaona akhristu ena akulowa m'tchalitchi, kudutsa tabernakulo, kabokosi kosungiramo Ukaristia, momwe muli Ambuye mwini wake, osapinda n'komwe bondo, ulendo wa ku chiboliboli kukachisisita. Ena wansembe akukweza Ukaristia iwo ali kalikiliki ndi kolona. Mlendo akaona zimenezo n'kunena kuti timapembedza Maria, tidzamuyankha chiyani? Mayi amene pa ukwati wa ku Kana anati "chitani chilichonse chimene akuuzeni" sangakondwere nazo.

FUNSO: Mwana wanga wa zaka ziwiri amatentha thupi pafupipafupi. Anzanga a ku Limbuli kuno anandiuza kuti ndimuveke kolona m'khosi ndipo ndisamuvule ngakhale posamba. Tsopano kolonayo yaduka, ndipo ndikuopa kuti ndi malodza. Mayi wa ku Limbuli.

YANKHO: Mayi, musanamalize kuwerenga yankholi, ngati mwanayo akutentha thupi, mberekeni mupite naye kuchipatala akamuyeze malungo lero lomwe. Usiku azigona m'neti. Pempherani muli pa njira.

Kolona yaduka chifukwa ulusi wake wafooka ndi madzi ndi thukuta, ndiponso mwana wa zaka ziwiri amakoka chilichonse. Si malodza. Ndipotu musamuvekenso, chifukwa chingwe m'khosi mwa mwana wotere chikhoza kumukola ali m'tulo, ndipo mikanda yoyoyokayo akhoza kuimeza. Kolona ndi yowerengera mapemphero pamene tikusinkhasinkha moyo wa Yesu. Mendulo, madzi odalitsidwa ndi mtanda zimatikumbutsa pemphero la Mpingo ndi ubatizo wathu, koma mulibe mankhwala m'kati mwake. Tikavula mwana chithumwa cha kwa sing'anga n'kumuveka kolona ndi mtima womwewo, tangosintha mtundu wa chithumwa, ndipo Katekisimu pa ndime 2111 amaletsa zimenezi. Anzanuwo amakufunirani zabwino, koma akusokeretsani. Muwafotokozere za Benedict Daswa, mphunzitsi wamkulu wa ku South Africa, amene anaphedwa mu 1990 chifukwa chokana kusonkha ndalama zokaombezera mfiti imene ankati ikugwetsa mphenzi m'mudzi. Mpingo unamulengeza wodala mu 2015.

Mikandayo itoleni yonse, muyang'anenso pansi pa mphasa. Amayi ambiri a Legio, gulu la mu Mpingo lodzipereka kwa Amayi Maria, amadziwa kutunga kolona, ndipo adzakulumikizirani ndi ulusi wolimba. Ikakhala yosatheka kukonza, musaitaye kudzala pamodzi ndi zinyalala poti inadalitsidwa. Ikwirireni pamalo paulemu, kapena kaiperekeni kwa akatekisiti a kwanuko. Ikakonzedwa, izikhala m'manja mwanu madzulo, mwanayo atagona m'neti pambali panu.